Mbewu ya Bowa Itatopa

Mulungu wandisunga mpaka imvi zadzaza mutu, ndipo sindinganene za ku Zimbabwe ndisanamuthokoze, chifukwa ambiri amene ndinkagwira nawo ntchito anagona komweko, m'manda a kuseri kwa komboni. Ine ndinabwerera ndi miyendo yanga. Kwathu ndi ku Tembwe, kuno ku Chama. Panyumba timalankhula Chisenga, Chinyanja ichi ndi cha kusukulu ndi kutchalitchi, ndiye pamene ndapunthwa mundikhululukire, ndinalekezera giredi sikisi.

Ndinachoka chitangotha chilala chachikulu chija. Atate ake a Towela anali atamwalira ndi chifuwa, ndipo chimanga chochepa chimene dzuwa linasiya, njovu zinabwera kudzamaliza. Towela ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Nthawi imeneyo anali atangosiya bere, akuyenda chogwira chitenje changa. Mlamu wanga wina woyendetsa malole anati pa famu ina kufupi ndi Harare akufuna azimayi a manja aukhondo, koma a ana kumsana sawalemba. Ndinapemphera, ndinalira, kenako ndinamupereka mwana kwa mkulu wanga, a Esinati, amene Mulungu sanawapatse wawo.

M'mawa wonyamuka a Esinati anam'bereka kuti asaone ndikukwera lole. Ndinamugwira kaphazi kolendewera m'chitenje.

"Ndibwera pokolola, asisi," ndinatero.

"Pita. Ine ndilipo, sagona ndi njala. Koma usakhalitse, ana sasunga nkhope."

Pa famupo ndinapeza anthu ambiri olankhula Chinyanja, ana a anthu a ku Malawi ndi ku Chipata amene makolo awo anapita kale kukalima fodya. Anandipatsa chipinda chimodzi ndi a Nabanda, mayi wamfupi wa mawu aakulu, wobadwira pa komboni pomwepo. Kumudzi kwa makolo awo anali asanakuonepo. Iwo ndi amene anayamba kunditchula Mai Towela, monga amaitanirana kumeneko, ndipo dzina limenelo linkandikoma ngati madzi ozizira.

Tsiku loyamba ananditengera m'mashedi a udzu. Ine ndinkayembekeza bowa wa ndiwo, uja kwathu timati nkhowani. Koma pa mashelefu panali matumba a pulasitiki odzaza utuchi, ndipo pakamwa pa thumba lililonse panatuluka chinthu cholimba ngati thabwa, chofiira, chonyezimira ngati pansi popaka polishi.

"Ameneyu mumadya bwanji?" ndinafunsa.

A Nabanda anaseka mpaka kugwira mzati. "Mai Towela, mukaphika ameneyu mano muwasiya mumphika! Si ndiwo, ndi mankhwala. Timayanika, timapera, anthu amamwa ngati tiyi. Talawani."

Ndinalawa. Anali wowawa kuposa ndulu. Zaka zimenezo matenda oondetsa aja anali atalowa m'matauni, ndipo anthu ankagula chilichonse chowapatsa chiyembekezo. Ngati bowayo ankachiza, ine sindidziwa, sindinganame. Chimene ndinaona n'chakuti galimoto ya ogula sinkasowa pa geti.

Ine anandiika m'kachipinda ka mbewu. Bowa alibe njere ngati chimanga. Mbewu yake ndi tiulusi toyera timene timayenda m'zakudya zake. Tinkawiritsa mapira, kuthira m'mabotolo, kuwatenthetsa ndi nthunzi m'migolo, ndipo akazizira tinkapukuta manja ndi sipiliti, kumanga kansalu kukamwa, n'kutapa pang'ono m'botolo limene layera kale kuthira m'mabotolo atsopano. Amenewo akayera, ena ankapita m'matumba a utuchi kukabereka bowa, ena ankatsala kuti akhale mbewu ya mabotolo otsatira. Botolo loyambirira, akuti, bwana mwini famu anachita kuitanitsa pa ndege kuchokera kumayiko a kum'mawa. Ine sindinalione. Linali litatha kale, ndipo palibe amene anadandaula, chifukwa botolo lililonse linkabala anzake.

Kapitawo wathu anali a Mbewe, mlimi weniweni, munthu wosakonda ulesi. Iwo ndi amene ankasankha mabotolo a mbewu. Ankawanyamula kuwala kwa zenera, n'kupatula amene ayera msanga, ofutukuka ngati thonje.

"Iwe wa ku Chama," anandifunsa tsiku lina, "kwanu chimanga cha mbewu mumasunga chotani? Chonyentchera?"

"Iyayi, a kapitawo. Chachikulu, chocha msanga."

"Basi. Ulimi ndi umodzi."

Tonse tinaona kuti ndi nzeru. Ndani wa ife amene sanakule akuona chimanga chabwino chikupachikidwa pa utsi?

Chaka choyamba bowa anabereka ngati wopenga. Nthawi yokolola kwathu itakwana ndinapita kukapempha ulendo, koma bwana anati ntchito yachuluka, ndidikire pang'ono. A Nabanda nawo anati, "Mupite ndi chiyani, manja awiriwa? Khalani chaka china, mukafike ndi malata." Ndinamvera. Ndinatumiza bulangete, diresi la maluwa ndi tinsapato tofiira. Patapita miyezi mlamu wanga anadutsa n'kundiuza kuti nsapato zija sizinalowe, anapatsa mwana wa aneba. Ine ndinali nditagula za phazi limene ndinagwira tsiku lija. Ndinakalowa m'shedi, pakati pa matumba, kuti a Nabanda asandione ndikulira. Anandipeza ndithu. Anangondipukuta ndi nsonga ya duku lawo, iwo amene pakamwa sipankatsekeka.

Pa komboni moyo unali wothina, koma tinkagawana. Lamulungu tinkasonkhana pansi pa mtengo wa jakaranda, Achewa, Asena a ku Mozambiki ndi Ashona, nyimbo imodzi m'zilankhulo zitatu. Wina akadwala tinkamugwirira ntchito kuti asamudule tsiku. A Nabanda ankandiseka kuti ndimapempherera ngakhale mapira. Ndinkaterodi. Botolo lililonse ndinkaliuza chamumtima kuti, yera bwino, ndiwe njira yanga yobwerera kwa mwana.

Sindikumbukira mwezi umene zinayamba kusintha, chifukwa zinabwera mwakachetechete ngati ukalamba. Matumba ankayera msanga kuposa kale, a Mbewe n'kumakondwa. Koma bowa ankachedwa kutuluka. Akatuluka ankakhala woonda, wotalika ngati zala za munthu wodwala, wopanda chipewa chake chija. Kufiira kunazilala. Matumba ena ankangoyera mbee, osatulutsa kanthu, kenako n'kugwidwa nkhungu yobiriwira. Tsiku lina wogula wamkulu analawa ufa wake pamaso pathu, n'kulavula, amvekere, "Uwu ndi utuchi. Kuwawa kwake kuli kuti?" Anakweza theka lokha.

Bwana anayamba ndi madzi, nakumbitsa chitsime china. Kenako anati ndi utuchi, nasintha kogula. Kenako anati ndi manja athu. Anatidula zikhadabo mpaka magazi, natiletsa kudzola mafuta, ndipo mtsikana wina anachotsedwa ntchito chifukwa choyetsemula m'kachipinda ka mbewu. Pa komboni anthu anayamba kuyang'anana, ena ankati wina wathira zinthu pa geti. Ine ndinatsogolera amayi kupemphera m'mashedi onse, kugwada pa simenti yonyowa. Ndipo bowa akamafooka, a Mbewe ankalimbikira kusankha. Ankafika poyesa mabotolo ndi ulusi kuti apeze limene lathamanga kuposa onse.

Malipiro anayamba kubwera zidutswazidutswa, miyezi ina ufa ndi nyemba zokha. Ulendo wa ku Chama si wa tsiku limodzi. Uyenera kudutsa Chirundu, Lusaka, Chipata, Lundazi, ndipo paliponse pamafuna ndalama. Ndikapita kwa bwana yankho linali limodzi: "Bowa akadzuka, udzapita." Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Ndinkati ndikaona ana a pa komboni akupita kusukulu, ndinkasankha mmodzi wamsinkhu umene ndinkaganiza kuti Towela wafika, n'kumutsatira ndi maso mpaka akakhote.

Pomaliza bwana anaitana dokotala wa zomera wa ku yunivesite, mayi wa Chishona wovala magalasi, wodekha. Sanayang'ane zikhadabo zathu. Analowa m'kachipinda ka mbewu, nanyamula botolo limodzi, a Nabanda akutimasulira.

"Ili linachokera kuti?"

"Ku lija," anayankha a Mbewe.

"Nanga lija?"

"Ku linzake la mwezi watha."

"Nanga mayi wa onsewa, amene anabwera pa ndege, munamusunga kuti?"

Bwana anayang'ana nsapato zake.

Mayiyo anakhala pa mpando n'kutifotokozera pang'onopang'ono ngati ana a Sande sukulu. Anati mbewu yathu sinalodzedwe, yangotopa. Nthawi iliyonse imene tatapa m'botolo kuthira m'linzake, tiulusi tija timagawikana kambirimbiri, ndipo pogawikanapo tina timasintha pang'ono, tina timaiwala ntchito. Ukatapa kwa mwana, kenako kwa mdzukulu, kenako kwa mdzukulutuvi, zaka ndi zaka osabwerera kwa mayi, zolakwikazo zimaunjikana. Anatinso tinkaidyetsa mapira okhaokha m'chipinda chotentha, ndiye inazolowera chakudya chofewa, n'kuiwala kuti kwawo ndi pa mtengo.

"Koma ine ndinkasankha amphamvu okhaokha, amayi," anatero a Mbewe.

"Mukanakhala m'munda wa chimanga mukanakhoza, baba," anayankha mayiyo. "Chimanga mumasankha mutaona chimene chabereka. Apa munkasankha musanaone bowa. Tiulusi tothamanga kwambiri nthawi zambiri ndi timene tasiya kubereka, mphamvu zonse zapita kumiyendo."

A Mbewe anavula chipewa n'kukhala pa mgolo. "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuweta othamanga osabala?"

"Munasankha okufananani, a kapitawo," anatero a Nabanda. "Liwiro lonse lija popita ku mowa, kunyumba kulibe ngakhale nkhuku."

Tinaseka, nawonso a Mbewe anaseka, koma misozi ili m'maso. Munthu uja ankaikonda ntchito yake.

Dokotalayo anatiphunzitsa kasungidwe koyenera, ndipo ndimakakumbukira mpaka lero ngakhale sindinakagwiritsepo ntchito. Mayi wa mbewu umamugawa m'timabotolo tambiri n'kumugoneka mufiriji kuti asamakule, chifukwa wogona sakalamba msanga. Ukafuna mbewu umadzutsa kamodzi, n'kutengako ana ndi adzukulu, basi, ukafika pamenepo umasiya n'kubwereranso kwa mayi. Botolo lililonse ulilembe kuti ndi la m'badwo uti. Chakudya uzisinthasintha, uzisakanizako utuchi wa mtengo. Posankha, uzidikira uone bowa amene wabadwa, kukula kwake ndi kuwawa kwake. Ndipo mbewu ikatoperatu ngati yathuyi, palibe pemphero la mapira limene lingaibweze: umayamba mwatsopano ndi fumbi limene bowa wokhwima amathothola pansi pa chipewa chake, kapena umapita kutchire kukafuna wamoyo.

Iwo akulankhula za mabotolo, ine mtima unali pa moni wanga. Ndinkauza mlamu wanga kuti, ukamuuze Towela kuti amake amamulota, amamupempherera m'mawa ndi madzulo, akubwera. Mlamu wanga nthawi zambiri ankafika pa Lundazi pokha, n'kuuza wamalonda wopita ku boma la Chama. Wamalondayo ankauza mphunzitsi wa njinga wopita ku Tembwe. Ndinadzifunsa kuti, kodi pofika m'khutu la mwana pamatsala chiyani? Mwina pamangotsala kuti, wina ku Harare akuti moni.

Bwana anatseka mashedi kuti awatsuke ndi kuyamba mwatsopano, ndipo ambiri anauzidwa kuti akayambe apuma. Ine ndinalimba mtima, ndinauza dokotala uja kuti bowa wofanana ndi ameneyu ndinkamuona pa zitsa za m'mphepete mwa mitsinje kwathu ku chigwa, kungoti sitinkamusamala. Anakondwa. Anati wa kumalo otentha angapirire bwino m'mashedi athu. Anandiuza kuti ndisankhe amene m'mphepete mwake mukadali moyera, chifukwa ameneyo ndiye akukula, ndipo ndimukulunge m'nyuzipepala, osati m'pulasitiki, angavunde. Bwana analipira ulendo woti ndipite kwathu ndikamufune. Taonani ntchito za Mulungu: mbewu yotopa imene inanditsekera njira ndi yomwenso inanditsegulira.

A Nabanda anandiperekeza mpaka pa msewu. Anali atayamba kuonda, diresi likuwazungulira, ngakhale tiyi wowawa uja ankamwa tsiku lililonse.

"Mukam'patse moni mwana wathu," anatero. "Mukamuuze kuti kuli azakhali ake okongola kuposa amake."

"Ndibwera naye mudzamuuze nokha."

"Fulumirani, Mai Towela. Ine ndine botolo la mwezi watha."

Sindinawaonenso. Mulungu awasunge pabwino, anandisenzera mtima zaka zonse zija.

Ndinafika ku Tembwe masana, pa lole ya thonje, ndi chikwama ndi mapoto atsopano. A Esinati anandiona patali, anataya lichero la mpunga n'kuthamanga akulira. Tikukumbatirana choncho, panafika mtsikana wamtali atasenza ndowa, khosi lowongoka, mwendo ngati wa atate ake. Anatula madzi, anagwada patali monga amachitira mwana woleredwa bwino, n'kuwomba m'manja.

"Mwayenda uli, ba anti?"

"Iwe, awa ndi amama ako," anatero a Esinati.

Towela anaseka pang'ono, n'kuwayang'ana iwo kuti aone ngati akucheza. Kenako anati, "Amama, ndiwapatse madzi osamba alendo?"

Sanandichitire mwano ngakhale tsiku limodzi. Ankandipatsa madzi atagwada, ankandichapira, diresi limene ndinam'bweretsera anathokoza kawiri. A Esinati atamufotokozera bwino, anayamba kunditchula amama a ku Harare. Koma akabwera kusukulu ndi nkhani, ankadutsa pamene ndakhala n'kukainong'oneza kwa a Esinati. Akamva mutu, mutuwo unkapita pa miyendo yawo. Ndinkamvetsera akuimba posinja, ndipo nyimbo zake zonse zinali za mkulu wanga, ngakhale katsokomoledwe.

Maganizo anga anali oti ndimutenge, tibwerere limodzi ku famu, akaphunzire kumeneko. Ndinawauza a Esinati tikupeta mpunga. Sanakweze mutu.

"Ndi wako, mng'ono wanga. Unandibwereka, sunandipatse. Ukafuna, tenga."

Anapitiriza kupeta, koma mpunga unkagwera pansi pamodzi ndi mankhusu, ndipo iwo sankaona.

"Manje asisi, inu mutsala bwanji?"

"Monga ndinalili kale. Ndinazolowera nyumba yachete."

Tsiku lofuna bowa tinapita atatu, chifukwa kutchire kwathu munthu sayenda yekha, njovu zimabisala m'mikuyu. Ndinamufotokozera Towela maonekedwe ake, ndipo iye ndi amene anamupeza, pa chitsa chakale pafupi ndi khwawa, wofiira, wonenepa, m'mphepete moyera bwino. Anafuula, "Amama a ku Harare, bwerani, si uyu?" n'kundikoka dzanja. Kanali koyamba kundigwira yekha osauzidwa. Ndinanyema kachidutswa, ndinalawa, kuwawa kwake kunafika m'makutu. Iyenso analawa, analavula, tinaseka tonse awiri, ndipo mumtima ndinati, Ambuye, mwayamba kundibwezera.

Bowayo anapita ndi mlamu wanga, atakulungidwa m'nyuzipepala monga anandiuzira. Ndinamva pambuyo pake kuti anamera bwino m'mabotolo ndipo mashedi anatsegulidwanso. Ine sindinabwerere. Ndinamanga kanyumba kanga moyang'anana ndi ka a Esinati, ndipo ndi mmene ndikukhala mpaka lero. Chimene chinandikhazika ndi chimene chinachitika pobwerera kuchokera kutchire tsiku lofuna bowa lija.

Towela ankadumphadumpha patsogolo, ine pambuyo pake, a Esinati kumbuyo kwenikweni ndi mtolo wa nkhuni. Mwadzidzidzi anaponda munga wa mthethe, uja wautali woyera, n'kulowa m'chidendene. Anakuwa, "Amama! Amama ine!" Thupi langa lonse linayankha. Ndinaponya pansi zimene ndinanyamula, ndinatambasula manja, ndipo iye anabwera akutsimphina ndi mwendo umodzi, misozi ili mbwee, n'kudutsa pambali panga, phewa lake linakhudza chala changa, mpaka anakagwera m'chitenje cha mkulu wanga.

Ndinatsala nditatambasula manja pakati pa njira. A Esinati anandiyang'ana pamwamba pa mutu wa mwana, nawonso akulira. Anakhala pansi, anamugoneka pa miyendo yawo, kenako anamasula pini pa bulauzi yawo n'kunditambasulira.

"Bwera, maso anga saona bwino masiku ano. Chotsa ndiwe."

Maso awo analibe vuto, mayi amene ankalowetsa ulusi pa singano madzulo. Ndinagwada m'fumbi, ndinanyamula phazi lija. Linali lalikulu, lolimba kunsi, la ming'alu, linadzaza manja anga onse awiri. Ndinayamba kutokosa pang'onopang'ono, ndi manja amene anaphunzira kusanjenjemera m'kachipinda ka mbewu. Towela anabisa nkhope pamimba pa a Esinati, akuti, "Amama, auzeni achite pang'ono, zikuwawa."

"Akuchita pang'ono, mwanawe," anatero mkulu wanga. "Amenewa sangakupweteke."

Munga unatuluka wathunthu. Ndinafinya magazi, ndinapukuta ndi chitenje changa. Ntchito inali itatha, koma sindinalisiye phazilo, ndipo a Esinati anapitiriza kumusisita mutu kuti asadzuke msanga. Ndinatseka maso pamenepo panjira, n'kunena kuti, Ambuye, nkhope mwapatsa mkulu wanga, ndipo waigwirira ntchito. Ine mwandisiyira phazi. Zikomo chifukwa cha phazi.